Ndinalowa M'seshoni Osandiitana

Amayi anga anatsuka tikapu ta mgonero kuyambira ine ndisanabadwe mpaka chaka chimene ndinakwatiwa. Ndi tikapu tija tagalasi, tating'onoting'ono toti chala chachikulu chimalowa movutikira, timene timakhala m'thireyi yathabwa yobowolabowola. Mgonero ukayandikira ankapita kukasenza thireyiyo kutchalitchi, n'kukhala nayo pakhonde pathu ndi phulusa losefa ndi ndimu. Ankatsuka kamodzikamodzi, n'kuvundikira pansalu yoyera imene sinkagwira ntchito ina iliyonse pakhomo pathu. Ine ndikati ndithandize ankandikankha ndi chigongono. Ankati manja anga ndi aphuma, ndiswa zinthu za Mulungu. Sankanama ayi. Ndinabadwa ndi mtima wapachala, ndipo pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Kwathu aliyense ankadziwa zimenezi, ndipo ambiri ankangoseka.

Tchalitchi chathu chili chakumtunda kwa msewu, kudera la Liwaladzi, pakati pa minda ya chinangwa. Ndi cha mpingo wa Chipresibeteriya, uja umayendetsedwa ndi akulu a mpingo. Mbiri yake ndinaimva kwa amayi kambirimbiri, nthawi zambiri tikusenda chinangwa choviika, moti mpaka lero fungo la chinangwa cha m'madzi limandikumbutsa mbiri ya mpingo. Ankati kale kunabwera mphunzitsi wapansi kuchokera ku mishoni ya kumapiri, ali ndi bokosi la masileti ndi buku limodzi la nyimbo. Atafika pamtsinje anapeza madzi adzaza, ndipo msodzi wina anamuwolotsera bokosilo pamutu. Msodziyo anafuna kuona chimene chinkalemera choncho, anamutsatira mpaka pansi pa mkuyu pomwe bokosilo linatsegulidwa, ndipo kuyambira tsikulo sanaphonye phunziro. Ameneyo anali bambo awo a amayi. Anakhala m'kalasi zaka zingapo asanabatizidwe, ndipo kuwerenga anaphunzira ali ndi ana kale.

Akhristu oyambawo atachoka pansi pa mkuyu anamanga kachisi wa mitengo ndi udzu, chiswe n'kudya, kumanganso, kudyanso. Kenako anagwirizana zoumba njerwa. Amuna ankaponda dothi ndi kuwotcha, akazi ankatunga madzi ndi kututa. Amayi anatuta njerwa zimenezo ali ndi pakati pa ine, ndipo ndikachita mwano ankakonda kundiuza kuti, "Iwe m'tchalitchi muja unalowa usanabadwe, njerwa zili pamutu panga. Mwina ndi zimene zinakuumitsa mutu." Belu lathu linali chitsulo cha gudumu la lole, chopachikidwa pamtengo pafupi ndi khomo. Bambo anga ndi amene ankaliliza mpaka pamene anamwalira, ine ndili wamng'ono.

Amayi ankati mpingo unabwera kuno kudzaphunzitsa anthu kuwerenga Mawu, kudzazonda odwala, ndiponso kuti munthu asamapite kumanda ngati chiweto. Chomalizachi ndi chimene ankachigwira ndi manja awiri. Anali m'gulu la amayi a mumpingo, aja amavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Mmodzi wa iwo akamwalira, anzake amabwera onse atavala, amamusambitsa, amamuveka yunifolomu yake, n'kumuimbira kuchokera pakhomo, kulowa naye m'tchalitchi, mpaka kumanda. Amayi anaperekeza anthu ambiri motero, kufika ndi ku Dwambazi komwe, wapansi, n'kubwerako mawu atasasa. M'sutikesi mwawo munali yunifolomu yachiwiri, yatsopano, yosavalidwapo. Ankaitulutsa kamodzi pachaka kuti ipitidwe mphepo, n'kuisita, n'kuibwezera. Ankaitcha ya paulendo.

Koma lamulo lake linali lodziwika kwa aliyense. Munthu akamwalira ali woimitsidwa mumpingo, belu sililira, bokosi sililowa m'tchalitchi, amayi a gulu savala, ndipo nyimbo siziimbidwa. Mkulu wa mpingo amangopemphera mwachidule pamanda, basi. Ndipo woimitsidwa sabwezedwa ndi munthu mmodzi. Amabwezedwa ndi seshoni, ndiye kuti bwalo la akulu a mpingo, abusa ali pampando. Ife abusa okhazikika tinalibe. Ankabwera panjinga yamoto kamodzi pa miyezi itatu, Loweruka n'kuchititsa seshoni, Lamulungu n'kudyetsa mgonero.

Ine ndinakwatiwa chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba. Ndinkapita kuboma kukagulitsa mpunga, ndipo kumeneko ndinadziwana ndi telala wina amene ankasoka pakhonde la sitolo, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Anali Msilamu, wa mabanja aja akhala pabomapo kuyambira kalekale. Mpingo unandidula, ine osadandaula n'komwe. Amayi anandiuza kuti ku ndowa yanga, ukwati wa Chisilamu uja, sabwera, ndipo ndinawamvetsa. Koma m'mawa wa tsiku la ukwatilo ndinangoona akutsika matola, beseni la mpunga lili pamutu. Anaphika limodzi ndi azilamu anga, anakhala pamphasa ndi akazi a kuchimuna, ndipo shehe atamaliza zake nthungululu yoyamba inali yawo. Nditawafunsa anangoti, "Mwana wamkazi ndili naye mmodzi."

Panalibe amene akanakawanenera. Anakadzinenera okha. Lolemba lake anapita kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu, bambo achikulire, aatali, amene ankawotcha njerwa limodzi ndi bambo anga ndipo anandinyamulapo ndili khanda. Anawauza zonse, ndi za nthungululu zomwe. Seshoni inagamula kuti aimitsidwe miyezi isanu ndi umodzi, abweze khadi lawo la mgonero, asavale yunifolomu, ndipo azilowa kalasi ya obwerera. Khadi la mgonero ndi kapepala kolimba kolembedwa dzina, kokhala ndi timabokosi timene mkulu wa mpingo amachonga munthu akadya mgonero. Wopanda khadi sayandikira gome. Thireyi ya tikapu inapita kwa mayi wina. Amayi anayamba kukhala benchi lakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi atsikana awiri otenga mimba zapatchire ndi mwamuna wina wokonda kachasu. Sanaphonye Lamulungu ngakhale limodzi. Lachinayi amayi a gulu akamapita kukalimira odwala, iwo ankawatsatira pambuyo ndi khasu lawo, atavala chitenje chakumunda.

Tsiku lina ndinabwera kudzawaona osadziwa kuti ndi Lamulungu la mgonero. Ndinawapeza panja pa tchalitchi. Ulaliki ukatha, opanda makhadi amatuluka, chitseko n'kutsekedwa. Amayi anali atakhala pansi, atatsamira khoma m'munsi mwa zenera, mutu atapendeketsa. Ndinawafunsa chimene ankamvetsera. Anati tikapu. Anati akamva kulira kwake m'thireyi amadziwa kuti mgonero wafika mzere uti. Kenako anandinong'oneza kuti mayi watsopano uja amatsuka ndi sopo wonunkhira, anthu akumwa mgonero wa fungo la bafa, ndipo amutumizira ndimu. Iwo ankaseka. Ine ndinapita kuseri kwa mkuyu kukalira, nditakwiya.

Kuwawa kwanga kumatuluka ngati ukali, ndi mmene ndinapangidwira. Komanso nyengo yake inali yotero. Anthu tinali titangomasuka pakamwa. Padoko, pachigayo, m'matola, aliyense ankalankhula mokweza zimene kale tinkanong'ona, ndipo ukati umuletse munthu ankakuyankha kuti, "Ano ndi matipate." Ine mawu amenewo anandilowa ngati mowa. Ndinkaona ngati chitseko chilichonse chotseka chikudikira ine kuti ndikachikankhe.

Miyezi isanu ndi umodzi inakwana. Loweruka la seshoni amayi anakakhala pansi pa mkuyu uja kuyambira m'mawa, kudikira kuitanidwa, monga amachitira onse a milandu. Sanaitanidwe. Akulu a mpingo anatha tsiku lonse akukangana za mabenchi. Wina mwa iwo anali atabwereketsa mabenchi a tchalitchi ku msonkhano wa chipani chake, awiri n'kubwerako atathyoka miyendo, ndipo a chipani china m'seshonimo sanafune kuti nkhaniyo ingodutsa. Dzuwa litapendeka abusa anatseka ndi pemphero, a milandu onse n'kuuzidwa kuti adzabwere ulendo wina. Amayi anandifotokozera zimenezi ngati nkhani ya munthu wina. Ine ndinazisunga.

Ulendo wina uja ndinachoka kuboma kudzawaperekeza. Anandikaniza, ine n'kuumirira. Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kale kutsokomola, chifuwa chouma chosamva mankhwala a m'sitolo, ndipo madiresi anali atayamba kuwakulira. Tinakhala pansi pa mkuyu pamodzi ndi anzawo a benchi lakumbuyo aja. Seshoni inkakumana m'kachipinda kakuseri kwa guwa, ndipo zenera lake linali lopanda galasi. Poyamba ankalankhula motsitsa, sitinkamva kanthu. Dzuwa litafika pamutu mawu anakwera, ndipo ndinamva bwinobwino liwu loti mabenchi. Miyezi itatu yathunthu, abale, anthu akuluakulu a imvi zawo akadali pa miyendo ya mabenchi. Amayi anatsokomola mpaka kugwira pansi ndi manja onse awiri. Atadzuka ndinaona akupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kuipinda msanga kuti ndisaone.

Ndinaimirira. Amayi anati, "Ukupita kuti?" Ndinati ndikukamwa madzi.

M'seshoni munthu salowa osaitanidwa. Akaitanidwa, ngati ndi mkazi, amavala duku, amagwada pakhomo, amakhala pamphasa, ndipo amayankha zimene wafunsidwa zokha. Zonsezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Ndinakankha chitseko osagogoda, kumutu kulibe duku, n'kuima chilili pakati pa chipindacho, manja ali m'chiuno. Komanso musaiwale kuti ndinali munthu wodulidwa, mwini wake wa mlandu umene amayi ankausenza.

Zimene ndinanena ndimazikumbukira zonse, mwatsoka. Ndinati ano ndi matipate, nthawi yoopsezana inatha. Ndinati mayi amene akutsokomola panjapo anasenza njerwa za khoma limene mwatsamiralo, inu mukulimbana ndi matabwa. Mpaka pamenepo mwina akanandikhululukira. Koma pakamwa panga pakatseguka sipadziwa pothera. Ndinatembenukira kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu uja, mnzawo wa bambo anga, munthu yekhayo m'chipindamo amene ankabwera kunyumba kudzawazonda amayi, n'kuwaloza chala. Ndinati, "Inu bambo, mwana wanu ali ndi akazi awiri ku Dwambazi, ndipo nsomba zake mumadya. Wakuimitsani ndani?"

Bambowo anayang'ana pansi. Patapita kanthawi anadzutsa mutu n'kundifunsa kuti, "Mwatha, mayi?" Moyo wanga wonse ankanditchula kuti mwana wanga. Tsiku limenelo anati mayi.

Kenako ndinamva wina akukoka chitenje changa chakumunsi. Anali amayi. Anali atagwada pakhomo, poti sanaitanidwe ndipo sakanalowa, atatambasula dzanja mpaka kundifikira. Sanandiyang'ane. Ankayang'ana abusa, akuti, "Pepani, pepani, ndi mwana."

Chakumasana seshoni inayamba kuitana a milandu mmodzimmodzi. Atsikana aja anabwezedwa, wa kachasu uja anabwezedwa, aliyense ankatuluka atagwira khadi lake. Amayi anawaitana pomaliza. Abusa anawauza mofatsa kuti pa iwo eni panalibe vuto, koma seshoni singabweze munthu tsiku limene yakalipiridwa chifukwa cha iye, apo ayi mawa aliyense azibwera ndi wachibale wake wolongolola. Nkhani yawo idikire mgonero wotsatira. Amayi anawomba m'manja n'kuthokoza.

Pobwerera tinayenda njira ya m'chinangwa, iwo patsogolo, ine pambuyo ndikulongololabe. Ndinkati anthu amenewa ndi achinyengo, ndinkati Mulungu si wa seshoni, ndinkati tiyeni kuboma mukapume. Anandisiya mpaka ndinatopa ndekha. Titafika pakamlatho ka mitengo anaima kuti apeze mpweya, n'kunena osatembenuka kuti, "Njerwa zija ndinasenzera Mulungu. Iwe wazitenga wakagenda nazo anthu." Sanadzaitchulenso nkhaniyi mpaka imfa yawo. Ndikanakonda akanandimenya.

Mvula itakhazikika chifuwa chinakula. Mwamuna wanga anabwera kudzawatenga, tinapita nawo kuchipatala kuboma, analandira mankhwala, n'kukhala nafe masabata angapo. Mwamuna wanga manyazi a upongozi anawaika pambali. Lamulungu lililonse ankawakweza panjinga kukawasiya pakhomo la tchalitchi cha mpingo wathu cha pabomapo, iye n'kumadikira pansi pa mtengo wa mango. Kumenekonso ankakhala benchi lakumbuyo, ngakhale kuti panalibe wowadziwa. Kenako anati akufuna kwawo, chifukwa kalasi ya obwerera amaitanira mayina kumudzi, ndipo safuna kuti dzina lawo lipezeke ndi mipata. Ndinapita nawo, n'kukakhala nawo.

Ankawerenga Masabata otsala kuti abusa abwere. Tsiku lina masana, ndikuwadzoza mafuta kumapazi, anandiuza kuti nditsitse sutikesi. Anatulutsa ya paulendo ija, anaisisita, n'kunena kuti, "Ndikapita asanandibweze, usandiveke." Ndinati asalankhule zotero. Anati, "Ndimakudziwa iwe. Udzafuna kundiveka mobisa, anthu asanabwere. Usadzatero." Ndinalonjeza, koma mumtima ndinkati tidzaonera komweko.

Mawa lake ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinavala duku, n'kupita kumunda kwa mkulu wa mpingo uja. Ndinawapeza akupalira chinangwa, ndinagwada m'matope momwemo, n'kupepesa. Anandidzutsa. Anati zinatha, alibe nane chifukwa. Ndinawapempha kuti abwere ndi anzawo awiri kapena atatu adzawabwezere amayi pamphasa pomwepo. Anapukusa mutu. Anati popanda abusa si seshoni, ndi anthu chabe atakhala pansi. Analemba kalata tsiku lomwelo n'kuipatsira munthu wa njinga. Yankho linabwera loti abusa ali kumsonkhano kutali, ndipo akabwerako pali mipingo ina yowadikira, tsiku lathu likhale lomwe lija. Kunali kutatsala Masabata atatu.

Amayi anakwanitsa limodzi. Anamwalira Lachitatu m'mawa. Dzuwa linali litawala patapita masiku a mvula, ndipo ine ndinatuluka kukayanika chinangwa pathandala. Ndinawasiya akupuma, ndinawapeza atapita. Palibe mawu omaliza amene anandisiyira, ndipo sindipeka.

Lonjezo langa silinakhalitse. Anthu asanachuluke ndinatsitsa sutikesi, n'kutulutsa bulauzi ija. Ndinkati ndiwaveke mkati, pamwamba ndikulunge nsalu, adziwa ndani. M'chipindamo munali mayi mmodzi yekha, mtsogoleri wa gulu la amayi, mnzawo wa amayi kuyambira ali atsikana, amene ndinkawatcha amayi aang'ono ngakhale panalibe ubale. Anandigwira pamkono mwamphamvu. Misozi inali ikutsika osaipukuta. Anati, "Mayi ako sanatengepo chinthu chimene sanapatsidwe. Usawayambitse lero." Bulauziyo sindinawaveke. Tinaipinda tonse awiri, motsatira mizere ya simbi imene amayi anasiya, n'kuibwezera.

Nsalu yoyera yowakulungira inabwera ndi azilamu anga ochokera kuboma. Mwamuna wanga anaipinda m'mphepete ndi singano yapamanja, atakhala kuseri kwa nyumba. Amayi a gulu anabwera onse, sanatsale ndi mmodzi yemwe, ena ochokera ku Dwambazi, koma atavala zitenje wamba ngati akupita kuchigayo. Anasambitsa mnzawo, anaphika, anatunga madzi, anachita zonse kupatula chimodzi.

Sindinkadziwa kuti ulendo wa kumanda uli ndi phokoso lake. Nthawi zonse nyimbo zinkaliphimba. Tsiku limenelo ndinamva mapazi a anthu mumchenga wonyowa, kupuma kwa onyamula bokosi, chithatha chikulira akamasinthana mapewa. Njira ya kumanda imadutsa pakhomo penipeni pa tchalitchi. Chitseko chinali chotseka, chitsulo cha bambo anga chili lende pamtengo wake. Onyamula anafika pamenepo n'kuchepetsa liwiro okha, popanda wowauza, kenako anapitirira. Nditacheuka ndinaona milomo ya amayi a gulu ikuyenda, onse pamodzi, mzere ndi mzere wa nyimbo imene amayi ankaikonda, koma popanda liwu ngakhale limodzi.

Pamanda mkulu wa mpingo uja anavula chipewa, n'kupemphera mwachidule monga mwa lamulo. Pakati pa pempherolo mawu anawathera, anangoti ameni. Ine lamulo silinkandimanga, ndinali wodulidwa kale. Ndikanatha kuyambitsa nyimbo ndekha, ndipo ndikudziwa kuti ena akanagwirira. Koma ine mwini pakamwa, amene ndinakalipira seshoni yathunthu, ndinaluma mlomo n'kukhala chete. Ndinaopa kuwalakwira kachiwiri.

Abusa anabwera pa tsiku lawo. Ine ndinali ndikadali kumudzi, ndikulongosola zinthu za amayi, ndipo belu la mgonero ndinalimvera pakhomo pathu. Lolemba lake masana, ndikusesa pabwalo, ndinaona mkulu wa mpingo uja akubwera, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Ndinawayalira mphasa pakhonde, pomwe amayi ankatsukira tikapu. Tinalonjerana. Anakhala nthawi akuzunguza chipewa m'manja. Kenako anapisa m'thumba la mkati n'kutulutsa khadi la mgonero, latsopano, koma lopindika m'makona chifukwa chokhalitsa m'thumba. Panali dzina la amayi.

Ndinawafunsa kuti analilemba liti.

Anati, "Tsiku lija, m'mawa. Za mayi ako ndi zimene tinayamba nazo, tisanafike pa mabenchi. Panalibe wotsutsa ngakhale mmodzi. Ndinalemba pomwepo n'kuika m'thumba. Chinatsala n'kuwaitana basi kuti adzalandire. Pamene unkalowa linali muno." Anagwira pachifuwa.

Iwo anapitiriza, akuyang'ana chipewa chawo. "Utatuluka, abusa anafunsa kuti titani, ndipo onse anayang'ana ine, poti dera ndi langa. Ndikanati mwana walakwa koma mayi sanalakwe, akanandimvera. Ndinakhala chete, mwana wanga. Unandipweteka, ndipo ndinafuna kuti nawenso umve kuwawa miyezi itatu. Za chifuwa chija sindinaganize."

Tinalira tonse awiri pakhondepo, masana, nkhalamba ndi ine, wina osatonthoza mnzake. Panalibe woti akhululukire mnzake, poti wolakwiridwayo tinali titamukwirira kale.

Masiku ano tchalitchi chija anachikuza, khoma lakale analisiya mbali imodzi yokha. Ali ndi abusa awoawo okhala pomwepo, moti munthu sadikiranso miyezi itatu, ndipo tikapu akuti ndi tapulasitiki. Ndikapita kumudzi ndimadutsa pakhomopo, koma sindilowa. Pakamwa panga sipanasinthe kwenikweni, ana anga angakuuzeni. Koma ndikafika pachitseko chotseka ndimagogoda, ndipo ndimadikira mpaka wina ayankhe.

Sutikesi ya amayi ili kwanga. Kamodzi pachaka ndimatulutsa ya paulendo ija kuti ipitidwe mphepo, ndimaisita, n'kuibwezera. Khadi limakhala pamwamba pa bulauzi. Dzina likuwerengekabe bwinobwino, ndipo timabokosi tonse n'tosachonga.